Ndakhudza, Yachira

"Galimoto iliyonse yopangidwa ndi munthu wobadwa mwa mkazi, ine ndikangoikhudza imachira," anatero mlamu wanga, akupukuta ndi kansanza manja oyera kale. "Ena amafufuza. Ena amatsegula mabuku. Ena amaimbira foni anzawo. Ine ndimangokhudza basi. Chitsulo chimandidziwa."

Ankauza wometa wa patsidya pa msewu, amene anangobwera kudzafunsa za wilibala yake. Wilibalayo sinatchulidwenso.

Mlamu ameneyu anakwatira achemwali anga aakulu. Dzina limene anam'patsa makolo ake linatsala pa chiphaso pokha. Mumsewu wathu aliyense amangoti a Ndakhudza, chifukwa akamaliza ntchito iliyonse amamenya boneti kawiri n'kulengeza kuti, "Ndakhudza, yachira." Ndi munthu wa thupi. Polowa m'nyumba imayamba ndi mimba, mwiniwake amafika pambuyo kudzafunsa ngati yalandiridwa bwino. Zipi ya ovololo yake inayesetsa mpaka pamchombo, pamenepo n'kutula pansi udindo.

Garaja yake ili pabwalo la amayi anga. Anapempha malowo atangokwatira, akuti kwa kanthawi, mpaka apeze ake. Kanthawi kameneko tsopano kali ndi ana atatu, wamkulu ali kusekondale. Pamalopo pali denga la malata, benchi, chikwangwani cholembedwa kuti DOKOTALA WA MAGETSI A GALIMOTO, ndi odwala ake akale amene anabwera akuyenda okha koma lero anakhala pa njerwa, udzu ukusuzumira m'mawindo.

Amayi amaweta nkhuku za mazira kuseri kwa nyumba, ndipo ine ndine dalaivala wawo. Ndimaperekera mazira m'magolosale ndi pikiapu yawo, pobwera n'kunyamula chakudya cha nkhuku. Bwalo la garajalo amayi akhala akuliyang'ana ndi diso la mmisiri woyeza: apa khola lachiwiri, apo mosungira matumba. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kuthamangitsa mkamwini ndiko kuliza mwana wawo yemwe. Komanso mlamu anali ndi chingwe chimodzi chimene chinkam'manga pamalopo.

"Ndikachoka pano, amayi, galimoto yanuyi adzaisamala ndani?"

"Zoonadi, bambo," ankatero amayi.

Amayi anga akamakutcha bambo ndi mawu ofewa choncho, wanzeru amayamba kufunafuna makatoni.

Chaka chatha mlamu anabwereka pikiapuyo kuti akatenge sipeya, n'kudzagunda nayo mzati wa geti yathu yomwe, geti imene amalowapo tsiku lililonse. Anati mzatiwo unasuntha. Madigadi yakutsogolo kumanzere, chitsulo chophimba tayala, inapindika ngati chitini chopondedwa. Anaikonza yekha. Anapeza ina kwa ogulitsa zitsulo zakale, anaipaka penti mkati ndi kunja, mokhuthala ngati batala wa eni ake, kenako n'kubwezera mawaya amene amamangidwa pamenepo. Sipanala yanga ya teni anali ataibwereka kalekale n'kuitaya, choncho mabawuti ang'onoang'ono ankamanga ndi zala n'kumalizitsa ndi chikhulupiriro.

Mvula itatha, galimoto inayamba khalidwe. Uli pamsewu bwinobwino, kanyale kachikasu kojambulidwa injini kayaka. Kenako singano zonse ziyamba kuvina, injini itsokomola, ikoka mpweya ngati nkhalamba pa masitepe, n'kuzima. Ukapotokola kiyi, sitata imazungulira ndi mphamvu zake zonse, koma injini ili duu. Nthawi zina ukaikankha n'kudumpha nayo kadzenje, imadzuka yokha ngati sinalakwe kanthu. Nthawi zina ayi. Ndaimapo nayo pa maloboti, a minibasi akunditukwana kuyambira ineyo mpaka agogo amene sindinawaone. Ndaimapo nayo pageti ya chipatala, mlonda n'kufunsa kuti wodwala ndi uti pa awirife.

Tsiku loyamba kuikokera kunyumba, mlamu anatuluka m'garaja akuyenda ngati wodzapereka mphoto. Ali ndi kamakina konga bokosi la machesi kamene amakalowetsa pansi pa chiwongolero. Kamalankhula ndi ubongo wa galimoto, kompyuta imene imalamulira injini, n'kutumiza zimene kamva ku foni yake. Kamakinako kalibe mlandu. Kamanena zoona zokhazokha. Tsoka lake ndi womasulira.

"P ziro faifi sikisi thu," anawerenga mokweza, kuti a patsidya amve nawo. "Ukudziwa tanthauzo lake, mlamu?"

"Ndikanadziwa, bwenzi chikwangwanicho chili changa."

"Moto wachepa. Ubongo ukudandaula njala. Ubongo wa galimoto umafuna thwelofu ikagona, fotini ikadzuka. Ukalandira naini umakomoka, ngati iweyo ukapanda kumwa tiyi. Ndiye akuumana chakudya ndani? Batire. Kalowe."

Anatsegula boneti n'kukaima pangodya yake ya masiku onse, kumanzere, kumene kuli batire ndi bokosi la mafyuzi. Anatsamira. Mimba inakhazikika pamadigadi mpaka galimoto inapendekeka pang'ono ngati ikupereka ulemu. Dzanja limodzi anaika pa injini, lina linagwira foni.

"Liza!"

Inalira kamodzi n'kamodzi.

"Fotini," anatero, akundigwedezera foni. "Ndakhudza, yachira. Komabe batire tisinthe, kuopa ingazolowere dzanja."

Amayi anagula batire. Galimoto inakafera pamsika, mathireyi a mazira ali padzuwa. Mlamu anati tsopano waona bwino, ndi alitaneta, kachipangizo kamene kamaphika moto injini ikamayenda. Amayi anagula alitaneta. Inakafera pamlatho. Anasintha mafyuzi onse, ndi ya wailesi yomwe, imene sinalakwirepo munthu. Ulendo uliwonse zinali zomwezo: kutsamira, "Liza!", fotini, boneti kumenyedwa kawiri. Ine n'kutuluka nayo pageti ndi mtima uli m'mwamba ngati wonyamula mwana wa eni.

Mayi wogulitsa masipeya pakona akamuona mlamu akubwera ankaimirira, kum'patsa mpando wa khushoni n'kumam'tcha achimwene. Ndinamva kuti khonde la nyumba yake analifolera nyengo yomweyo. Zitsulo zakale zimene mlamu ankachotsa, zopanda chilema chilichonse, zinkakwera pa shelefu ya m'garaja. Kumeneko n'kumanda: kumalowa zinthu, sikutuluka kanthu.

Zosintha zitayamba kutha, anatembenukira kwa ine.

"Amayi, ine ndinene mosabisa. Galimotoyi ikakhala pano ili bwino. Mwaionapo itandikana ine?"

"Sindinaionepo, bambo."

"Ikatuluka ndi uyu, yafa. Ndiye ndi galimoto kapena ndi munthu? Pali anthu ena a dzanja lozizira. Ngakhale mazira akawagwira saswa."

"Mazira athu ndi odya, mlamu," ndinatero. "Akayamba kuswa ndiye kuti mwawakhudza inu."

Achemwali anandiyang'ana ndi diso loti ndidzakuona. Iwo mwamuna wawo amam'khulupirira monga mmene munthu amakhulupirira ambulera yobooka: akudziwa kuti ikudontha, koma ndi yomweyo.

Ine sukulu sindinaimalize, inandimaliza ndi iyo. Komabe chilipo chimodzi chimene chinatsalira m'mutu. Aphunzitsi athu a sayansi anabweretsa kababu ndi batire ya tochi, n'kutionetsa kuti ndi waya umodzi kababu sikayaka. Pamafunika iwiri, wopita ndi wobwerera. Ndiye tsiku lina, mlamu ali kalikiliki kugwiragwira mawaya ofiira, ndinam'funsa.

"Mlamu, njira yopitira moto mwaiyeza mpaka yatopa. Nanga yobwerera?"

Anaseka mpaka zipi inatsika mano ena awiri.

"Tamverani dalaivala! Wayamba uinjiniya! Tabwera ndikuphunzitse kwaulere. Moto umachoka pa batire ndi waya wofiira, kupita ku ubongo. Ukagwira ntchito umatuluka ndi mawaya akuda. Akudawo sabwerera okha mpaka ku batire, amangowamanga ndi bawuti pa chitsulo cha galimoto, chitsulocho n'kukhala msewu. Wamva? Akuda a ubongo ali apa." Analoza ndi chibwano pansi pa mimba yake, mkati mwa madigadi. "Tsono funsa kuti anamanga ndani."

"Anamanga ndani?"

"Ine. Ndi dzanja ili. Ndiye ukufuna ndiyeze ntchito yanga? Wamvapo dokotala akudzibaya jakisoni kuti aone ngati singano ili yakuthwa?"

Ndinangoti chabwino. Ndinalakwa kufunsa. Munthu amene chibadwire sanabwezepo wilibala, sipanala, kapena bwalo, ungamuuze bwanji kuti pali chinthu padziko pano chimene chimafunika kubwerera kumene chinachokera?

Tsiku lomwelo ndi pamene anandichititsa mantha. Injini inali ikulira, iye atatsamira, foni ataiika pa batire. Achemwali anaitana kuti tiyi wapsa. Mawu amenewo mlamu sachedwa kuwamva. Atangodzuka kuti azipita, ndinaona nambala pafoni ikutsika: thetini, leveni, naini. Injini inayamba chifuwa chake chija.

"Mlamu! Taonani!"

Anabwerera, anatsamira kuti aone bwino. Fotini. Anadzuka. Naini. Anatsamiranso. Fotini.

Munthu wina akanakhala pansi n'kugwira mutu kuti aganize. Mlamu anagwira pamtima.

"Waona?" ananong'ona, maso ali ndi misozi. "Ikundifuna. Ndikachoka ikulira."

"Tapatukani ndiyese ine."

Anandipatsa malo ndi ulemu wonse. Ndinaika dzanja pa injini pomwe amaika iye, ndinatsamira pomwe amatsamira iye. Koma ine ndine wowonda ngati sipoko ya njinga, mphepo ikakula amandiuza kuti ndigwire mtengo. Nambala sinandione n'komwe. Naini, eyiti, injini zii.

"Ndi mphatso," anatero mlamu, akundisisita paphewa. "Usadzimvere chisoni. Sitinabadwe tsiku limodzi."

Anapita kukamwa tiyi. Pofika madzulo msewu wonse unali utamva. Wowotcherera zitsulo wa pafupi nafe anabwera kudzafunsa ngati a Ndakhudza angakhudzeko jenereta yake, ndi apongozi ake amene akuvutika miyendo. Ine ndinaseka nawo, koma kuseka kwanga kunali kwa pakamwa pokha. Ndinali nditaona ndi maso anga. Mbuli ikalakwa umaseka, koma mbuli ikamalondola umasowa pothawira.

Kenako linafika tsiku la anapiye.

Amayi anaitanitsa anapiye ongoswedwa kumene ku famu ya kunja kwa tauni, oti adzalowe m'malo mwa nkhuku zokalamba. Ndinakawatenga m'mawa, m'makatoni a mabowo, akusokosa ngati kalasi yopanda mphunzitsi. Pobwerera, pamsewu wautali wopanda ndi mtengo umodzi womwe, kanyale kachikasu kanayaka. Singano zinavina. Inazima.

Ndinapotokola kiyi mpaka chala chinatupa. Ndinatsegula boneti, ndinatsamira, ndinaisisita, ndinalankhula nayo ndi mawu onenepa ngati a mlamu. Ndinaimba foni, anayankha achemwali kuti bambo a ana agonako pang'ono, mutu. Dzuwa linali paliwombo. Ndinavula malaya n'kufunditsa makatoni, ndinawamwetsa madzi m'kachivindikiro ka botolo, mmodzimmodzi, koma manja ndili nawo awiri okha. Phokoso lija linkachepa pang'onopang'ono. Ndamvapo phokoso loipa la mitundumitundu pamoyo wanga, koma palibe loposa phokoso la anapiye likamachepa. Pamene lole ina inavomera kundikoka, dzuwa linali litapendeka.

Amayi anatsegula makatoni pakhonde. Amoyo anawaika mbali imodzi pafupi ndi madzi, akufa anawandanditsa pa thumba. Mzere wa pathumba ndiwo unatalika. Sanakalipe. Anasamba m'manja, anapukuta, n'kuitana.

"Bambo, tabwerani mudzaone odwala anu."

Mlamu anabwera akuyasamula, chizindikiro cha pilo chili patsaya.

"Aa, amayi, ichi ndi chisoni chachikulu. Koma ndinanena ine. Dzanja lozizira limeneli, ngakhale anapiye..."

"Ndatopa n'kugula zitsulo, bambo. Ikafanso galimoto iyi, muchotse malata anu ndi mitembo yanu ya pa njerwa ija pabwalo langa. Ndimangapo khola."

"Amayi!" anatero achemwali. "Nanga ana?"

"Ana ndi anga, adya. Ine ndikunena za zitsulo."

Kutacha mlamu anagwira ntchito imene sindinamuonepo akugwira chikwatirire. Anapala mitu ya batire mpaka inawala ngati mphete. Anakulunga mawaya ndi tepi mpaka injini inaoneka ngati yachita ngozi. Anakoka waya watsopano wofiira, wonenepa ngati chala chake, kuchokera pa batire mpaka ku ubongo. Zonsezi anachita atatsamira pangodya yake, injini ikuimba mokoma, foni ikunena fotini.

"Tsopano ubongo ukudya ndi manja awiri," anatero. Anamenya boneti katatu, kachitatuko ka bonasi. "Ikafanso, mudzandisinthe dzina."

Ndinapita nayo kukatenga chakudya cha nkhuku. Inapita bwino, inabwera bwino, moti ndinayamba kudandaula kuti mwina wapulumuka. Koma pageti pathu pali kangalande. Tayala lakutsogolo litangogweramo, kanyale kanayaka, ndipo galimoto inafera pomwepo, mutu uli m'bwalo, matako ali mumsewu, pafupi ndi mzati uja wosunthasuntha.

Amayi anali pakhonde akusankha mazira. Sanadzuke. Anangoyang'ana galimoto, n'kuyang'ana chikwangwani.

Mlamu anatuluka m'garaja akuthamanga, chinthu chimene ana ake omwe anali asanachionepo.

"Sinafe! Amayi, sinafe iyi! Yakana dalaivala!"

"Ikupuma, bambo?"

"Ndiloleni ndikuonetseni pamaso pa mboni. Ikakana kwa uyu n'kuvomera kwa ine, ndiye kuti vuto si galimoto, si ntchito yanga, ndi munthu. Mukatero mudzadziwa woyenera kuchoka."

Amayi anaika dzira m'thireyi mosamala.

"Chabwino. Ikakhala kuti imamvera inu nokha, uyu ndim'landa kiyi, muziyendetsa ndinu, bwalo n'kukhala lanu. Ikapanda kutero, mawu anga mwawamva kale."

Ndinali nditaiona nambala ija ikukwera ndi kutsika. Ndinadziona ndikupempha ntchito yoitanira minibasi kwa anthu omwe aja anatukwana agogo anga.

Tinaikankhira mpaka pansi pa malata. Mboni sanavutike kuzifuna, mumsewu wathu zimabwera zokha. Wometa anafika ndi kasitomala wake wometedwa mbali imodzi, nsalu ili m'khosi. Wowotcherera anabwera magalasi akuda ali pamphumi. Mayi wa masipeya anatseka shopu, ndipo anaima kutsogolo ngati mwini maliro.

"Achimwene, aonetseni," anatero. "Ndipo ikavuta, ubongo watsopano ndili nawo."

"Ubongo wa galimoto kapena wa dokotala?" anafunsa wometa.

"Iwe usamale," anatero mlamu. "Tsiku lina udzafuna dzanja ili."

"Ndikufuna wilibala."

Mlamu anatsegula boneti, analowetsa kamakina kake, foni n'kupatsa achemwali.

"Mayi a ana, inu muziwerenga nambala mokweza. Anthu asadzati ndinabera."

Nthawi yonseyi nkhuku kuseri zinali zikulira njala, chifukwa chakudya chinatha m'mawa. Amayi anandikodola.

"Iwe, pamene abambowa akukonza ulaliki, tsitsa matumbawo. Nkhuku sizidya nambala."

Ndinasenza thumba loyamba, lolemera kuposa ineyo, miyendo ikulemba mayina pansi. Ndinali nditafika kutsogolo kwa galimoto pamene mlamu, atafulatira, akuyang'ana gulu lake, anakuwa.

"Dalaivala ali kuti? Siya zimenezo, kalowe!"

Pansi pa garaja ya mlamu ndi matope a oilo ndi madzi a mvula ya chaka chatha. Kuika chakudya cha nkhuku pamenepo, amayi akanandikhululukira kumwamba kokha. Ndinayang'ana pouma. Benchi inali itadzaza mboni. Thumbalo ndinalitula pamadigadi, pangodya ija, theka lili mkati, theka likulendewera kunja, n'kukalowa m'galimoto ndikupuma ngati galu.

Mlamu sanacheuke. Anayenda mpaka pamzati wa geti, anapisa manja onse m'matumba a ovololo, n'kutukula chibwano.

"Abale ndi alongo, mwaona pamene ndaima. Sindikuikhudza, sindikuiyang'ana, ngakhale mthunzi wanga suli pamenepo. Choyamba muone mmene imachitira ndi munthu wamba. Muimvere chisoni, koma musam'seke mnyamatayu, sanasankhe kubadwa choncho. Kenako ndibwera ine. Mlamu, liza!"

Ndinatseka maso n'kupotokola kiyi.

Inalira kamodzi n'kamodzi. Inalira bwino, mosalala, ngati yotuluka kumene m'sitolo. Kanyale kachikasu kanaphethira n'kuzima.



"Fotini," anawerenga achemwali, ndi mawu a munthu amene sakudziwa ngati akuthandiza kapena akuwononga.

"Yamva mawu anga," anatero mlamu. Manja anali atatuluka m'matumba. "Ndalakwitsa kulankhula. Mawu anga imawadziwa."

"Ndiye tapitani kuseri kwa nyumba mukakhale chete, tione," anatero wometa.

"Ndi fungo," anatero wowotcherera. "Mphepo ikuchokera kwa iwowo."

Amayi anali atadzuka. Anatsika pakhonde pang'onopang'ono, akupukuta manja pa epuloni, n'kudzaima kutsogolo kwa galimoto. Sanayang'ane mlamu. Anayang'ana thumba, n'kuyang'ana mmene galimoto inapendekera mbali imodzi ngati ikupereka ulemu.

"Iwe, tatuluka. Usazimitse. Chotsa thumbali."

Ndinalikumbatira n'kulinyamula. Madigadi inadzuka ndi kaphokoso, kwe.

"Thetini," anatero achemwali. "Leveni. Naini. Bambo a ana, ikutsika!"

Injini inatsokomola kawiri n'kufa.

Wowotcherera anasuzumira pamene panali thumba, n'kulowetsa chala m'mphepete mwa madigadi. Panali kamtolo ka mawaya akuda, onse atalumikizidwa ku kamphete kamodzi, kamphetiko katakhala pa penti wonyezimira, pansi pa bawuti. Anakagwedeza. Kanavina. Anagwira bawutiyo ndi zala ziwiri, inazungulira mosakana ngati chivindikiro cha botolo.

"Akulu," anatero, "iyi anamanga ndani?"

Wometa anatsegula pakamwa, koma kasitomala wake anam'gwira mkono kuti asawononge.

"Musaikhudze," anatero amayi. "Yakhudzidwa mokwanira. Iwe, bwezera thumbalo."

Ndinalibwezera. Chitsulo chinapindikira pansi, kamphete kaja kanakanikizika pa bawuti, ndipo tonse amene tinali pafupi tinaona kamoto kakang'ono ka buluu kakuthetheka, the.

"Amayi," anatero mlamu ali pamzati, mawu atachepa ngati a mwanapiye wa pamsewu uja, "zinthu za magetsizi n'zovuta kuzimvetsa munthu wosaphunzira. Pali zimene zimaoneka ndi zimene..."

"Liza," anatero amayi.

Ndinalowetsa dzanja pawindo n'kupotokola kiyi. Inalira kamodzi n'kamodzi.

"Fotini," anatero achemwali, n'kuika foniyo pabenchi ngati yawaotcha.

Amayi anayandikira thumba la chakudya cha nkhuku lija, lili khale pangodya ya dokotala, lonenepa, lachete, lopanda chikwangwani. Analimenya kawiri ndi chikhatho, fumbi la chimanga n'kufuka.

"Zikomo kwambiri, bambo," analiuza, ndi mawu ofewa aja. "Inu ndi amene mutsale."